Chithunzi cha Bambo pa Bokosi

Cuamba, 9 Seputembala 2023

Okondedwa achimwene Abílio,

Choyamba ndikufuna kumva za moyo wanu, wa bambo, wa alamu ndi ana. Kuno ine ndi azakhali a Olinda tili bwino, kungoti dzuwa la ku Cuamba layamba kale nkhanza zake. Kalatayi ndapatsira Edilson, kondakitala wa shapa, minibasi ija ya ku Lichinga, chifukwa foni yanu ndayesa mpaka kutopa. Ikati ilowe, mumakhala mwakwera pachulu paja ndipo mudzi wonse umamva zimene tikukambirana.

Filimu ija ndinkakuuzani chaka chatha yatha. Dona Isaura, mayi wa ku Nampula amene anatijambula, waionetsa ku Maputo mwezi wathawu. Dzina lake ndi lachipwitikizi, koma tanthauzo lake ndi Fumbi la pa Siteshoni. Ndi nkhani ya ife ana a m'tauni muno: anyamata a kabaza, atsikana ogulitsa madzi ndi mazira pawindo la sitima, mayeso a kalasi yakhumi, chibwenzi choyamba, ndewu za pamjigo. Ine ndikusewera ngati mtsikana wotchedwa Jacinta.

Anthu olemba za mafilimu m'manyuzipepala agawanika. Wina walemba kuti aka n'koyamba ana akuda a m'matauni a kumpoto kuno kuonetsedwa ngati anthu amene amaseka, amanama ndiponso amakonda, osati ongoyenera kuwamvera chisoni. Wina wapsa mtima, ati tikutukwana kwambiri ndipo tikuchititsa dziko manyazi pamaso pa azungu. Bamboyo sanakwerepo sitima ya ku Cuamba, akanakwera akanadziwa kuti tinachita kuchepetsako. Koma onse awiri agwirizana pa chinthu chimodzi. Ati gawo lina lakumapeto, limene ndili ndekhandekha, ndilo lagwira filimu yonse. Waukali ujanso walemba dzina langa, ndipo sanaliphonye.

Ndaikamo kapepala kodula m'nyuzipepala. Muwawerengere bambo, muwatanthauzire pang'onopang'ono. Pa Khirisimasi ndikubwera, ndidzakhala mpaka chaka chatsopano. Pali kanthu kena kokhudza gawo lakumapetolo kamene ndikufuna kudzawafotokozera pakamwa, titakhala pakhonde.

Mundiuze ngati nazale ya fodya yamera. Azakhali akuti ngati mtedza ulipo musawaiwale.

Ndine mlongo wanu,
Yolanda

Ngauma, 20 Seputembala 2023

Mlongo wanga Yolanda,

Kuno tonse tadzuka. Nazale yamera bwino, ndipo misana yathu ndiyo ikulipira, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Mtedza wa azakhali uli m'thumba lomwe lili ndi kalatayi. Ukaona kuti thumbalo ndi lopepuka, ufunse Edilson.

Ndiye kuti tsopano tili ndi munthu wotchuka pabanja pano? Iwe womwe unkalira mbuzi ikakuyang'ana? Kapepala kaja ndinawawerengera bambo kunyumba, koma sizinawakwane. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anandiimika pansi pa mtengo wa mango kuti ndiwerengenso anthu onse akumva. Nditafika pa mawu a waukali uja anandigwira dzanja n'kunena kuti pamenepo ndidumphe. Kenako anauza a katekisiti kuti, "Mwana wanga walowa m'nyuzipepala, ndipo sanabe kanthu." Kapepalako kali m'buku lawo la nyimbo.

Tsopano akufuna kuiona filimuyo ndi maso awo. Ukumukumbukira Faizali, uja ali ndi nyumba ya kanema kuseri kwa msika wa ku Mandimba? Ndi yemwe uja amaika mawu ake a Chinyanja pa mafilimu a Amwenye ndi a Matchaina. Amazimitsa mawu a eni ake n'kumalankhula yekha, wamwamuna ndi iye, wamkazi ndi iye, ngakhale galu akauwa amamutanthauzira. Ndinakumana naye pokagula feteleza, ndipo akuti mnzake wa ku Nampula amutumizira filimu yanuyo mwezi uno usanathe. Ikangofika ndiwakweza bambo panjinga tikaonere.

Kanthu ako ka pakhondeko n'kachiyani? Ngati ndi mwamuna, undiuziretu kuti ndiyambe kuwafewetsa.

Ndine mlongo wako,
Abílio

Cuamba, 27 Seputembala 2023

Achimwene,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga kuti Edilson asandisiye. Chonde, chonde, bambo musawatengere kwa Faizali ndisanafike. Nanunso musapite. Si nkhani ya mwamuna ayi.

M'filimumo bambo ake a Jacinta amamwalira kumudzi, iyeyo n'kupita kumaliro. Tinajambulira kuseri kwa phiri, ndi bokosi lopanda munthu. Pamwamba pa bokosilo panafunika chithunzi cha womwalirayo, ndipo anyamata a Dona Isaura anabweretsa cha mkulu wina amene anamupeza pa intaneti. Tinayesa tsiku lonse, misozi osatuluka. Ndinkayang'ana mkulu uja n'kumangoganiza kuti kolala ya malaya ake yapindika. Dona Isaura anatopa nane n'kundifunsa ngati ndili ndi chithunzi cha munthu amene sindingapirire kumutaya. M'chikwama mwanga munali chimodzi chokha, cha bambo chija anajambulitsa potenga chitupa.

Ndinkaganiza kuti chikhala chondiyang'ana ine, kamera ili kumbuyo kwake. Nditachiona pabokosi paja, zimene ndinaloweza m'Chipwitikizi zonse zinathawa. Ndinayamba kulankhula Chinyanja, zanga zam'mutu, ndipo palibe anandiletsa. Sindinadziwe kuti kamera yazungulira. Ndinadzaziona filimu itatha kale, nkhope ya bambo itadzaza khoma lonse.

Gawo limenelo ndilo akuliyamikira ku Maputo. Mmodzi walemba kuti sanamve liwu ngakhale limodzi la zimene ndinkanena, poti Dona Isaura sanalembe tanthauzo lake pansi, koma anatuluka m'holomo atasowa mtendere.

Ndikudziwa mmene anthu a kwathuko angazionere. N'chifukwa chake ndimafuna ndidzayambe ndafotokoza ndekha. Muuzeni Faizali adikire, kapena adule gawolo. Mundiyankhe msanga.

Yolanda

Ngauma, 15 Okutobala 2023

Yolanda,

Moni sindikupatsa wambiri. Tili moyo, ngakhale kuti ena a ife anthu akukayika. Chilembereni kalata yanga ija sindinamve kanthu kuchokera kwa iwe, ndiye mwina kutchuka kwakutanganitsa. Mvera zimene wachita.

Filimu inafika kwa Faizali kumayambiriro kwa mwezi uno. Mwamwayi tsiku limene tinapangana bambo anadzuka ndi bondo, ndiye ndinapita ndekha. M'nyumbamo munadzaza, ena ataima pakhomo. Faizali dzina loti Jacinta sakulidziwa. Iwe utangotulukira anati, "Uyu ndi Yolanda, mwana wa a Feliciano a ku Ngauma, aja a fodya aja." Anthu anaomba m'manja, inenso ndinadzimva kukula. Tinaseka za anyamata a kabaza, tinaseka za ndewu ya pamjigo. Kenako bokosi.

Nkhope ya bambo itatuluka, Faizali anati, "Si awo! Atisiya a Feliciano. Mwana anamutaya ku Cuamba, lero mwana akuwataya kumanda." Iwe ukulira, iye n'kumakulankhulira zakezake ndi mawu aang'ono onamizira mkazi. Ena anaseka, ena anatembenuka kundiyang'ana. Ndinatuluka filimu isanathe.

Wina anajambula gawolo pafoni ndipo lawoloka malire. Lachinayi mayi aang'ono a Margarita anafika kuchokera ku Namwera, atasenza ufa, chitenje chakuda m'chiuno. Anayamba kubuma ali pamsewu. Atafika kudimba anapeza bambo atanyamula keni akuthirira nazale. Anaponya dengu pansi n'kuthawira m'nthochi, ndipo tinachita kuwanyengerera kuti atuluke. Ufa wonse unathera m'matope.

Usaseke. Amayi a kutchalitchi akuti kuika nkhope ya munthu wamoyo pabokosi n'kumuitanira imfa, ndipo kochita mwana wake wobereka n'koipa koposa. Anzawo amene amathandizana nawo kuthirira asiya kubwera, ati sakufuna kudzakhala pafupi tsikulo likadzakwana. Ana akawaona panjira akumakuwa kuti "Malemu!" n'kuthawa.

Bambo akana kuiona filimuyo. Kapepala ka nyuzipepala kaja akachotsa m'buku la nyimbo. Mawu amene andituma ndi awa, sindikuwonjezera mchere: "Umuuze Yolanda kuti kwawo kulibe munthu, anaika kale. Nkhope yanga ikadali pa bokosilo, pakhomo pano asaponde, kaya ndi Khirisimasi kaya n'chiyani."

Pa anthu onse akufa amene ali ndi zithunzi padziko lapansi, unasowa mmodzi?

Abílio

Ngauma, 19 Okutobala 2023

Mlongo wanga,

Kalata yako ya pa 27 Seputembala yafika dzulo. Edilson anamusinthira ku shapa ya ku Entre Lagos, ndipo kalatayo yakhala ikuyenda naye m'thumba la jekete mpaka anakumbukira. Ndaiwerenga, ndipo mawu ena amene ndinakulembera ndikanatha ndikanawameza.

Ndawawerengeranso bambo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati ndamanga mbuzi. Lamulo lawo sanalisinthe.

Komatu unkanena chiyani pabokosi paja? Kwa Faizali sitinamve mawu ako ngakhale pang'ono.

Abílio

Cuamba, 28 Okutobala 2023

Alongo anga a Feliciano,

Ndikhulupirira kuti bondo lachepa. Ine kuno ndi shuga wanga yemwe uja. Abílio, ukamawerenga kalatayi usadumphe mzere, ndidzamva.

Mwana ali kuno sakudya. Wasiya kupita kusiteshoni kukagulitsa, akungokhala kuseri kwa nyumba n'kumasenda chinangwa chimene palibe wamutuma. Ndiye ndati ndilankhule ine, poti inu ndi ine tinayamwa bere limodzi ndipo simungandiletse kuponda pakhomo panu.

Filimuyo ine ndinaiona muholo ya pasukulu kuno. Nkhope yanu itatuluka nanenso ndinakuwa, mpaka mayi wina anandipatsa madzi, moti zimene mwanayu ankanena pabokosipo sindinazimve. Pofika kunyumba ndinamukalipira mwanayu mpaka mawu anandithera. Zimene anachita n'zopusa, sindikumuikira kumbuyo. Koma pali zina zoti mumve.

Mwanayu munandipatsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amake atangoikidwa kumene. Munati mudzabwera kudzamuona fodya akagulitsidwa. Fodya wagulitsidwa kangati chichokereni nthawi imeneyo? Chimanga mumatumiza, nyemba mumatumiza, pamenepo sindinganame. Iyeyo akabwera kumudzi patchuthi mumamufunsa za mayeso, mukatero mwanyamula khasu. Koma pakhomo panga pano simunakhalepo ngakhale pampando. Tsiku limene anabatizidwa anayang'ana kumsewu mpaka mdima.

Chithunzi mukukwiyiracho chakhala m'chikuto cha kope lililonse limene mwanayu analemberamo. Akakhoza mayeso ankachionetsa pepala. Ndinamupezapo akuchiuza za mnyamata wina amene anamunyoza. Bambo amene mwanayu wakula nawo ndi chithunzi chimenecho. Ndiye mzimayi uja atamufunsa za munthu amene sangapirire kumutaya, mumati atulutse nkhope ya yani, ya a bishopu?

Za kuitana imfazo zisiyeni. Inu ndi ine tinathawira ku Malawi zipolopolo zikulira kumbuyo, tinabwerako amoyo. Lero muphedwe ndi pepala?

Chomaliza. Amuna a ku Maputo aja, woyamikira ndi wonyoza yemwe, anayamba aonera kenako n'kulemba. Inu mwaweruza ndi maso a Faizali.

Munditumizire nandolo akakhalapo.

Ndine mlongo wanu,
Olinda

Ngauma, 12 Novembala 2023

Mlongo wanga Yolanda,

Tili bwino. Mvula yoyamba yagwa koma siinalowe pansi, ndiye kuwokera sitinayambe. Azakhali uwauze kuti sindinadumphe mzere, ngakhale kuti thukuta linandituluka. Bambo anatenga kalatayo n'kuipinda, ndipo usiku umenewo sanadye.

Chimene ndikulemberachi chikundidetsa nkhawa. Loweruka lapitalo bambo anavala jekete la kutchalitchi, anatenga njinga n'kunena kuti akupita ku Mandimba. Ndinati ndiwaperekeze poti bondo silinapole, anakana. Dzulo apitanso, jekete lomwelo, ndipo abwerako madzulo nkhope ili gwa. Ndikawafunsa akuti ndi nkhani za akuluakulu.

Munthu savala jekete pokagula mchere. Ine ndikuona kuti akupita kupolisi kapena kubwalo la milandu. A katekisiti anawauzapo kuti kujambula nkhope ya munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu, ndipo mwina zinawalowa. Muchenjeze Dona Isaura. Zikafika kumeneko dzina lako lilowamonso, ndipo bambo ndi mwana wake akaima pamaso pa woweruza, sindikuona pobwerera.

Ngati pali njira yochotsera nkhopeyo, ichotseni msanga.

Abílio

Cuamba, 24 Novembala 2023

Achimwene,

Moni kwa nonse. Muwauze bambo kuti asavutikenso ndi ulendo wa ku Mandimba. Nkhope yawo yachoka.

Ndinakwera sitima kupita ku Nampula ndi kalata yanu. Dona Isaura poyamba anakana. Anati gawo limenelo ndilo lapangitsa kuti filimu iitanidwe kuchionetsero cha ku Ulaya chaka chamawa, ndipo ineyo ndimayenera kupita nawo. Ndinamuonetsa mawu anu onena za bwalo la milandu. Atawerenga anati kulakwa n'kwake, amayenera kufunsa ngati mwini nkhopeyo ali moyo. Tinayesa kuphimba chithunzicho, koma chili paliponse, m'manja mwanga, pachifuwa panga, ndipo chophimbacho chinkangooneka ngati banga. Mapeto ake anadula gawo lonse, ine ndikuona. Ndinamuuza kuti alifafanizenso m'makina mwake kuti lisadzatulukirenso kwina, ndipo anatero.

Sabata yatha anaionetsa ku Beira ili yodulidwa. Waukali uja anapitanso. Walemba kuti tsopano zatsala ndi zotukwana zokha, ndipo filimuyo ikutha ngati sitima yoima pathengo. A ku Ulaya aja atamva kuti yasintha abweza mawu awo. Élio, mnzanga amene ankasewera ngati wakabaza, tikakumana pamsika akumayang'ana kumbali. Iyeyo anali atagula kale nsapato za ulendowo.

Sindikudandaula, ndikungokuuzani kuti mudziwe. Zikundipweteka, inde, koma kukhala kuno pa Khirisimasi ndikudziwa kuti kwathu andikana kukanandipweteka koposa.

Munandifunsa zimene ndinkanena pabokosi paja. Zimenezo si za papepala.

Muwafunse bambo ngati tsopano ndingabwere.

Mlongo wanu,
Yolanda

Ngauma, 3 Disembala 2023

Mwana wanga Yolanda,

Ndalemba ndekha, usaseke zilembo. Ndili bwino. Fodya tawokera, wagwira.

Abílio wandiwerengera kalata yako. Mlongo wakoyu ali ndi mutu wothamanga. Ine kupolisi sindinapiteko, kubwalo la milandu sindikudziwa ndi khomo lake lomwe. Ndimapita kwa Faizali. Jekete ndimavala chifukwa munthu supita kumaliro ndi malaya a kudimba.

Tsiku loyamba nditalowa, benchi yonse inandisiyira malo. Tsopano azolowera, ena amandisungira pakhala. Filimu yanu ndaiona Loweruka lililonse kuyambira pamenepo, ndiye nanenso ndinenepo zanga monga anzanga a ku Maputo.

Anyamata a kabaza aja ndi enieni, koma wamtali uja tcheni chake n'cholefuka, adzagwetsa munthu. Kutukwana kulipo, koma ndinamvapo koposa apo pamsika wa fodya. Sindinkadziwa kuti mumathamangira sitima chonchija ndi beseni pamutu. Pamene unagwa n'kuswa mazira, anthu anaseka, ine sindinaseke. Nyumba ya azakhali ako ndaiona koyamba m'filimumo. Ndinafunsa mnyamata amene ndinakhala naye pafupi ngati mtengo wa papaya uja ndi wapakhomo panu, iye anati sakudziwa.

Maliro anga sanandisangalatse. Bokosi matabwa ake ndi osapala, anthu ndi ochepa, ndipo nyimbo anaiyamba pamwamba kwambiri. Koma ndinaona mmene unagwirira chithunzicho. Amayi ako atamwalira sunalire chomwecho, unali wamng'ono, unkangondigwira thalauza.

Tsopano vuto langa ndi ili. Pamene ukulankhula pabokosi paja, mawu amene amamveka ndi a Faizali. Iye akuti ukunena kuti ndinakutaya. Mwina n'zoona, sindikukana. Koma ndayang'anitsitsa pakamwa pako, ndipo iye akamaliza iwe umakhala ukulankhulabe. Pena umamwetulira pang'ono, pamene iye akunena zaukali. Ndinamupempha kuti andionetse yopanda mawu ake. Anati akamaliza kuika ake, ya eni ake amafafaniza kuti malo apezeke. Ndimati ndidzapempha kwa mayi wa ku Nampulayo, ndiye ndikumva kuti nayenso mwamufafanizitsa.

Za ulendo wa ku Ulaya zandikhudza. Ndinalamula ndisanaone. Mnyamata wa nsapatoyo umuuze kuti wolakwa ali ku Ngauma, asakwiyire iwe.

Anthu a ku Maputo anamva mawu ako, koma Chinyanja sachidziwa. Ine Chinyanja ndimachidziwa, koma ndinamva Faizali. Ndiye watsala ndi iwe wekha amene ukudziwa zimene unandiuza.

Usadikire Khirisimasi. Kalata usapatsire Edilson, ukwere shapayo iwe mwini. Tsiku la bokosi lenileni udzalankhulanso, koma ine sindidzamva. Bwera udzandiuze panopa.

Ndine bambo ako,
Feliciano